Mankhwala othira m'dizilo: mabotolo atatu omwe ndayesa mu Hilux yanga

Galimoto yanga ndi Toyota Hilux ya 2011, ya injini ya 2.5 D-4D, ija amakanika amangoitchula kuti 2KD. Ntchito yake ndi kachewere. Kawiri pa sabata ndimapakira matumba ku Tsangano, nthawi zina pa Lizulu, n'kutsika M1 usiku, kulipira pa Chingeni, kuwoloka Zalewa, kuti m'bandakucha undipeze mu Limbe amayi a pamsika asanayambe kundiimbira foni. Pobwerera ndimanyamula chomwe chapezeka, kaya malata, kaya feteleza, kaya makatoni a sopo a magolosale a kumudzi. Ndanena izi kuti mudziwe kuti wolemba pano si wa pikiapu yopitira ku ofesi. Yanga ikagona m'galaja masiku atatu, kachewere amaola ndipo kunyumba ndiwo zimasintha.

Zaka zonse ndinkadutsa mabotolo a mankhwala othira m'dizilo m'mashopu a sipeya osawayang'ana n'komwe. Ndinkati n'za anthu a ndalama zosowa nazo ntchito. Chinandigwetsa ndi kusowa kwa mafuta kwa kumapeto kwa 2024. Amene munalipo mukukumbukira mizere ija, anthu kugona m'galimoto pamalo omwetsera mafuta, uthenga wa pa WhatsApp woti thankala yafika pakutipakuti, inu kukafika n'kupeza dizilo watha kale. Tsiku lina ndili ndi matumba atapakiridwa kale, singano ili pansi, ndinagula zigubu ziwiri za malita 20 kwa mnyamata wina m'mbali mwa msewu. Kunali mdima. Ndinanunkhiza pakamwa pa chigubu, ndinamva fungo la dizilo, basi ndinathira. Fulumirafulumira anadya zosapsa.

Ulendo umenewo ndinafika bwino. Pa ulendo wachiwiri, nditangowoloka Shire n'kuyamba kukwera kulowera ku Lunzu, kagetsi ka fyuluta pa dashibodi kanayaka. Kenako galimoto inayamba kukana moto. Ndiponda, iyo ikungolira osapita, pagalasi ndikuona utsi wakuda ukutsalira m'mbuyo. Ndinakwawa nayo mpaka kutsitsa katundu, ndipo dzuwa likutuluka ndinali ndili kale pagalaja ku Ndirande.

Makanika wanga ndi bambo wachikulire, wosachedwa kuseka munthu koma manja ake ndi abwino. Sanafunse zambiri. Anatenga botolo loyera lomwera madzi, analidula kukhosi, n'kumasula kampopi kapansi pa fyuluta uku akupopa kapampu kapamwamba ndi chikhatho. Anaika botolo lija pa bonati kuti likhazikike. Patapita mphindi zochepa munali mizere itatu yooneka bwinobwino. Pamwamba dizilo, wotuwa kuposa momwe ndimamudziwira. Pansi madzi, okwana ngati chala chimodzi chopingasa. Pakati pawo panali kankhungu kakuda, kotelera ngati therere.

"Abwana, mwamwetsa galimoto madzi a m'dambo," anatero. Ananunkhizanso dizilo uja n'kugwedeza mutu. "Ndipo umu muli palafini."

Tinatsitsa thanki, tinaitsuka, tinaika fyuluta yatsopano. Galimoto inayamba kukoka, koma sinabwerere mwakale. M'mawa inkavuta kulira, ikalira inkanjenjemera mpaka galasi la m'mbali kumavina, ndipo pa chitunda utsi unalipobe. Apa ndi pomwe ndinayamba kuyang'ana mabotolo aja.

Loyamba ndinagula ndekha osafunsa munthu, pa benchi ina ya sipeya m'tauni. Dzina lake sinditchula, ndipo mabotolo a mtundu umenewo ndi ambiri, amangosiyana utoto. Linali lotchipa, pa pepala lake atalonjeza chilichonse: kutsuka injini, kuchotsa madzi, kupulumutsa mafuta, kuwonjezera mphamvu, zonse m'kabotolo kamodzi ngati sing'anga wa pa depoti amene muzu umodzi umachiza mutu, msana ndi banja lomwe. Nditatsegula, fungo lake linali la sipiliti. Ndinathira mathanki awiri otsatizana. Kunjenjemera sikunasinthe, utsi sunasinthe. Chomwe ndinaona n'choti ndikamasula kampopi ka fyuluta, madzi sankatulukanso ngakhale dontho, ndipo ndinapita kukadzitama kwa makanika kuti mankhwala agwira.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye madziwo apita kuti?"

Ndinalibe yankho. Anandifotokozera motere, ndipo pambuyo pake ndinazapeza kuti ankanena zoona. Dizilo ndi madzi sizisakanikirana, madzi amalemera ndiye amatsikira pansi. Fyuluta ya Hilux inapangidwa modalira zimenezo, ili ndi kachikho pansi komwe madzi amasonkhana, akachuluka kagetsi kaja kamayaka kuti muwataye. Mankhwala okhala ndi sipiliti amagwira madzi aja n'kuwamwaza m'dizilo timadontho tosaoneka ndi maso. Kachikho kamakhala kouma inde, chifukwa madzi adutsa, apita ku pampu ndi ku ma nozo, aja opopera dizilo mu injini. Pa injini zakale za pampu yamakina, monga 3L ndi 5L zomwe zinali m'ma Hilux a m'mbuyomu, mwina mungapulumuke. Pa injini za common rail ngati yangayi, momwe ma nozo onse amalandira dizilo kuchokera ku paipi imodzi, ayi. Mmenemo dizilo amakankhidwa ndi mphamvu yoposa 1,000 bar kudzera m'timabowo topyapyala ngati tsitsi, ndipo zitsulo za mkati mwa pampu ndi ma nozo sizilandira oyilo wa injini, chozifewetsa n'dizilo yemweyo. Madzi safewetsa chitsulo, amachita dzimbiri. Choncho botolo likalemba kuti limachotsa madzi, funso n'lakuti limawachotsa motani. Alipo mankhwala omwe amathandiza madzi kulekana ndi dizilo kuti fyuluta iwagwire, pa botolo amalemba demulsifier. Amenewo ndiye abwino kwa ife. Omwe amawamwaza m'dizilo asiyeni pa benchi pomwepo.

Theka lotsala la botolo lija ndinayatsira mbaula.

Lachiwiri anasankha ndi makanika: Liqui Moly Diesel Purge, chitini cha 500 ml, chopangidwa ku Germany. Mtengo wake unandiwawa, pajatu kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera nayo limodzi. Koma nditafunsa mtengo wa nozo imodzi ya Denso ndinakhala chete n'kutulutsa ndalama.

Mankhwala amenewa mukhoza kuthira m'thanki, pa chitini analemba choncho, koma mphamvu yake yeniyeni imaoneka injini ikamwa okhaokha osasungunula. Makanika anachotsa paipi yobweretsa dizilo ndi ina yobwezera ku thanki, zonse ziwiri anazilowetsa m'botolo loyera momwe anakhuthulira mankhwala aja, pa paipi yokokera ataikapo kafyuluta kakang'ono koonekera mkati. Anapopa kuchotsa mpweya n'kuliza. Ine ndinakhala pa chiwongolero kumaponda pang'onopang'ono momwe ankandiuzira, kukweza, kutsitsa, kusiya iziyenda yokha, iye maso ali pa botolo kuti lisaume injini ingakoke mpweya. Mankhwala aja analowa oyera. Pofika pakati anali atasanduka ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo m'kafyuluta kaja munali tizinyalala takuda. Mnyamata wophunzira ntchito pagalajapo ndi amene anayamba kuzindikira, anati "bwana tamverani, yasiya kugogoda." Zinalidi choncho. Phokoso lija la ngati munthu akukhoma misomali mkati mwa injini linali litafewa, ndipo galasi la m'mbali linaima.

Pa ulendo wotsatira ndinakwera chitunda cha ku Lunzu chija ndi matumba odzaza pa giya yomwe ndinkakwerera kale, utsi uli wochepa kwambiri. Pa ntchito yotsuka ma nozo omwe adetsedwa, chitini chimenechi ndi chomwe ndingauze m'bale wanga kuti agule, ndipo achite kupita nacho kwa makanika wodziwa, osati kungothira m'thanki n'kumadikira chozizwitsa.

Koma ndisakunamizeni, galimoto sinachire yonse. M'mawa inkachedwabe kulira, sitata kuzungulira kanthawi isanagwire. Makanika anachita mayeso ena omwe ndinali ndisanawaonepo. Analumikiza timapaipi tinayi pa ma nozo onse, kalikonse kupita m'kabotolo kake, kuti tione dizilo yemwe nozo iliyonse ikubweza. Atatu anabweza mofanana. Kachinayi kanadzaza anzake asanafike n'theka lomwe. Nozo imeneyo inali itadyeka mkati, ikutaya mphamvu ya dizilo, ndiye pa kuliza mphamvu inkachedwa kukwana. Madzi ndi palafini wa m'zigubu zija anali atamaliza kale ntchito yawo. Palibe botolo lomwe limabwezeretsa chitsulo chodyeka. Ndinagula nozo, anaiika ndi wochapa watsopano wamkuwa pansi pake, n'kulowetsa nambala yake mu kompyuta ya galimoto, pajatu nozo za mtundu umenewu iliyonse ili ndi nambala yake. Phindu la maulendo angapo linathera pomwepo. Mayi a kunyumba mpaka lero akaona chigubu chachikasu amandiyang'ana ine.

Nkhani ya palafini ndiikhalire pang'ono chifukwa ndi yomwe inandifikitsa ku botolo lachitatu. Dizilo wa masiku ano ndi wa sulufule wochepa, uja amati 50 ppm. N'chinthu chabwino, utsi wake suwononga kwambiri ndipo injini zatsopano zimafuna ameneyo. Koma pochotsa sulufule ku fakitale, zinthu zina zomwe zimapangitsa dizilo kutelera zimachoka nawo, ndiye opanga mafuta amathiramo mankhwala obwezeretsa kutelerako asanagulitse. Kunena kwina, dizilo wabwino wa pa pampu amabwera ali ndi mankhwala ake kale. Vuto limayamba wina akamusungunula ndi palafini kuti zigubu zichuluke. Palafini ndi wouma, mukamutikita pakati pa zala mumamva kusiyana kwake ndi dizilo. Pampu ikamwa zimenezo, chitsulo chimakhuzana ndi chitsulo chinzake. Dizilo wathu amayenda mtunda wautali kuchokera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo amene amafika pa malo ovomerezeka ine sanandilakwirepo. Amene ndimamuopa ndi wa m'mbali mwa msewu, amene MERA, bungwe loyang'anira za mafuta, imaletsa koma ikafika nthawi ya mizere tonse timamufunafuna.

Ku Lizulu madalaivala anzanga ali ndi mankhwala awo. Amati thira kapu ya oyilo wa two-stroke m'thanki, ena amati wa giyabokisi ya otomatiki, mkulu wina wa lole yakale amathira oyilo wa injini amene wakhetsa, atangomusefa ndi nsalu. Lole yakeyo ikuyendadi, sindingamutsutse, koma injini yake ndi ya nthawi ya Kamuzu, imatha kumwa chilichonse. Oyilo sanapangidwe kuti adutse m'timabowo ta common rail. Wa injini ali ndi zinthu zachitsulo monga zinki zomwe zikapsa zimasiya phulusa pamphuno ya nozo, ndiye mukuthawa kudyeka n'kugwera m'kutsekeka. Ine ndinakana, ndipo anandiseka kuti ndayamba chizungu.

Botolo lachitatu anatumiza ndi alamu anga a ku Joni kudzera kwa anyamata onyamula katundu aja. Ndi Liqui Moly Super Diesel Additive, kachitini ka 250 ml, kokwanira malita 75, ndiye kamayenderana bwino ndi thanki ya Hilux yomwe ndi ya malita pafupifupi 80. Aka n'kothira m'thanki basi, popanda makanika. Ndimathira ndili pa pampu, ndisanamwetse, kuti dizilo akamalowa asakanize yekha. Ntchito zake zomwe zimandikhudza ine ndi zitatu, kutsuka pang'onopang'ono, kuwonjezera kutelera, ndi kukweza chomwe amati cetane. Cetane ndi muyeso wa kufulumira kwa dizilo kuyaka akangopoperedwa mu silinda. Ikakhala yotsika dizilo amachedwa, amaunjikana, kenako n'kuphulika kamodzi, ndiko kugogoda kuja mumamva injini ikazizira. Ku Ulaya lamulo lawo limati isachepere 51. Ku America amalola 40, n'chifukwa chake mabotolo ambiri ochokera kumeneko amalemba cetane ndi zilembo zikuluzikulu.

Kusiyana ndinakuona m'mwezi wa June ndi July. Amene simunagonepo ku Tsangano nthawi imeneyo simudziwa kuzizira, udzu umachita kuyera m'mawa ndipo zala zimakana kumanga chingwe pa matumba. Thanki yokhala ndi mankhwala, galimoto inkalira msanga, utsi woyera wa m'mawa uja unkatha ndisanamalize kupukuta galasi, ndipo kugogoda kunali kochepa. Thanki yopanda mankhwala inkaliranso, koma mwaukali pang'ono kwa mphindi zingapo. Ndinasinthasintha dala kangapo kuti ndisadzinamize, ndipo khutu langa linamva chimodzimodzi.

Za kupulumutsa mafuta ndiye musayembekezere zambiri. Ndili ndi kabuku komwe ndimalemba makilomita ndi malita nthawi iliyonse ndikadzaza thanki mpaka pakamwa. Nditawerengera, kusiyana kunalipo kochepa kwambiri moti sindingalumbire kuti ndi mankhwala. Matumba awiri owonjezera, matayala ochepa mpweya, kapena kuima nthawi yaitali pa rodibuloko injini ikulira, zimasintha nambala kuposa kachitini kaja. Wogulitsa akakuuzani kuti mankhwala adzibweza okha ndalama pa dizilo, mufunseni ngati ali ndi kabuku.

Ndiye sindithira thanki iliyonse, ndalama yake singakwane. Ndimathira nyengo yozizira, ndimathiranso ndikakakamizika kumwetsa pamalo pomwe sindipadziwa, ndipo kachitini kamodzi kamakhala kuseri kwa mpando podikira tsiku loipa. Chomwe sindinakonde n'choti kupezeka kwake kuno n'kwa apo ndi apo, lero shopu ili nako, mwezi wamawa akuuzani kuti tikudikira katundu. Pogula ndimayang'ana chidindo cha pa chivindikiro ndi zilembo za pansi pa chitini, chifukwa pa msika wathu chinthu chikangotchuka, abale ake onamizira amabadwa.

Alamu omwewo ulendo wina anaika m'katundu botolo la mankhwala a m'nyengo yachisanu, oletsa dizilo kuundana. Kumayiko ozizira kwambiri dizilo amatulutsa phula lomwe limatseka fyuluta, ndipo kumeneko mankhwalawa ndi ofunikadi. Kuno, ngakhale ku Dedza kapena ku Tsangano, ine sindinaonepo dizilo ataundana m'thanki. Botololo lili pa shelefu mpaka pano, ndinangothokoza.

Kankhungu kakuda kaja kali ndi nkhani yakeyake. Ndi tizilombo, mabakiteriya ndi nkhungu, tomwe timakhala pamalire a madzi ndi dizilo n'kumadya dizilo yemweyo. Timakonda kutentha, ndiye mgolo womwe wakhala padzuwa miyezi, uli ndi timadzi pansi, ndi munda wake. Ambiri a ife tinaphunzira kusunga dizilo m'migolo chifukwa cha mizere ija, ineyo ndili nawo umodzi wa malita 200 kuseri kwa nyumba. Mankhwala otsuka ma nozo sapha tizilomboti, pamafunika ena omwe amalembedwa biocide kapena anti-bacterial. Mukathira amenewo khalani ndi fyuluta ina pafupi, chifukwa tizilomboti tikafa timasanduka zinyalala zomwe zimakathera mu fyuluta. Wanga mgolo ndinautsuka, ndinauika pamthunzi mopendekeka pang'ono kuti madzi azisonkhana mbali imodzi, ndipo pokoka sindifikitsa paipi pansi penipeni.

Amene muli ndi ma pikiapu atsopano, makamaka obwera kuchokera ku UK okhala ndi DPF ku ekizozi, werengani botolo kawiri. Fyuluta ya utsi imeneyo imatsekeka ndi phulusa, ndiye mankhwala aliwonse omwe sanalembe poyera kuti ndi oyenera galimoto za DPF musawayese. Yanga ilibe, ndipo pa chimenechi ndimathokoza ukalamba wake.

Masiku ano m'galimoto mumakhala botolo loyera lopanda kanthu, tochi, faneli ndi fyuluta yatsopano ili m'katoni mwake. Ndikakakamizika kugula wa m'chigubu, ndimayamba ndapendeketsa chigubucho n'kukoka wapansi ndi kapaipi, kuthira m'botolo, kuunika ndi tochi, n'kudikira. Mnyamata wina pa Zalewa anakwiya nazo, anati "madala mukuchedwetsa bizinesi, ena akudikira." Ndinamuuza kuti awagulitse enawo. Pamene ankatsutsana nane, pansi pa botolo panali patayamba kale kuoneka kamzere konyezimira, ndipo atakaona ananyamula chigubu chake osatsanzika.

Makanika akundikakamiza kuti tiike fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi, ya kachikho koonekera, pakati pa thanki ndi fyuluta ya galimoto, kuti ndizingotsegula bonati m'mawa n'kuona ndi maso. Anandionetsa pomwe idzakhale, pambali pa batire. Mtengo wake ndi wofanana ndi tizitini tingapo ta mankhwala aja, ndipo ndamuuza kuti kachewere wa dzinja akangotuluka ndibwera nayo.